Kulemba mbiri ya malonda a magalimoto a pabanja panu

Banja lathu limagulitsa magalimoto kuno ku Chipata. Nditafuna kulemba mmene malondawa anayambira, ndinapeza kuti aliyense ali ndi nkhani yakeyake. Ndiye inu yambani ndi mapepala, anthu pambuyo.

Tulutsani katoni ya malisiti akale ija. Yathu inali kunsi kwa bedi la agogo, chiswe chitadya kale ngodya imodzi. Mapepala a ZRA, bungwe la misonkho la ku Zambia, amaonetsa nthawi imene galimoto inalowa m'dziko ndi malire amene inadzera, kaya pa Nakonde pochokera ku Dar es Salaam, kaya pa Mwami. Tsiku lolembetsa kampani lili pa satifiketi ya PACRA, bungwe lolembetsa makampani.

Chenjerani ndi mitengo. Pa 1 January 2013 ndalama ya kwacha ya ku Zambia inachotsedwa maziro atatu, choncho Corolla yolembedwa K25,000,000 pa lisiti la 2011 ndi K25,000 m'kalembedwe ka lero. Mng'ono wanga anaiwala zimenezi n'kuyamba kuuza anzake kuti atate anali mpondamatiki.

Kenako khalani pansi ndi akuluakulu, mmodzimmodzi. Mukawasonkhanitsa, amalume amalankhula okha, azakhali n'kungokhala duu. Funso loti "Munayamba liti?" lisiyeni, yankho lake ndi "kalekale". Funsani kuti, "Amalume, galimoto yoyamba inali ya mtundu wanji, ndipo anaiyendetsa ndani kuchokera ku Lusaka?" Apo nkhani imatuluka yokha, mpaka mmene inawirira pa zitunda za kufupi ndi mlatho wa Luangwa, iwo n'kugona momwemo. Mawu awo jambulani pafoni.

Makaniki wakale wa pagalaja musamuiwale. Zaka sazikumbukira, koma injini iliyonse imene anamasula amaidziwa.