Momwe mungaikire ndi kuchotsera khadi mu seva yoimirira osawononga motherboard

Seva yoimirira, monga Dell PowerEdge T440 kapena HPE ProLiant ML350, imaoneka ngati kompyuta wamba yapadesiki, kungoti ndi yaikulu komanso yolemera. Kufanana kumeneku n'kumene kumapusitsa ambiri. Munthu amatsegula, n'kukankha khadi pamalo oyamba amene waona, kenako n'kumadabwa kuti makina sakuiona khadiyo, kapena mafani ayamba kulira ngati chigayo. Kulowetsa khadi pakokha sikudya mphindi zisanu. Ntchito yeniyeni ili pa zoyenera kufufuza musanatsegule chivundikiro.

Makhadi amene tikunena pano ndi a PCIe: khadi ya netiweki, khadi ya RAID yoyang'anira ma hard disk, ndi khadi ya zithunzi ija ambiri amangoti GPU.

Musanatsegule: slot, magetsi ndi mpweya

Ma slot a PCIe, timipata tolowetsamo makhadi pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa seva), amasiyana kutalika. Alipo a x1, x4, x8 ndi x16. Khadi yaifupi imalowa bwinobwino mu slot yaitali, ndipo imagwira ntchito. Koma musangokhulupirira maso, chifukwa slot ina imakhala yaitali ngati x16 pamene m'kati mwake analumikiza njira za x8 zokha. Chinanso chimene chimagwetsa anthu n'chakuti pa seva ya mapurosesa awiri, slot iliyonse ili ndi purosesa yake. ML350 Gen10 ili ndi ma slot 8, ndipo anayi mwa amenewa sagwira ntchito ngati purosesa yachiwiri mulibe. Mukaika khadi mmenemo, imangokhala duu, inu n'kumati yafa pamene ili bwinobwino. Mapu a ma slot amamatidwa kuseri kwa chivundikiro, ndipo alinso m'buku la sevayo.

Kenako magetsi. Slot ya x16 imapereka mawati osapitirira 75. GPU yofuna oposa pamenepo imafunika nthambo yakeyake: ya mano 6 imawonjezera mawati 75, ya mano 8 imawonjezera 150. M'maseva ambiri simupeza nthambo zolendewera zodikira GPU ngati za m'kompyuta ya magemu, ndiye muyenera kupeza nthambo yopangidwira mtundu wa seva yanu. Pano ndichenjeze kwambiri: nthambo ya mano 8 ya purosesa ndi ya mano 8 ya GPU wamba zimaoneka ngati mapasa, koma mawaya ake anayalidwa mosiyana. Ikakana kulowa, musaikakamize.

Mpweya nawonso ndi nkhani. Makhadi ena opangidwira maseva, monga NVIDIA T4 ya mawati 70, alibe fani. Amadalira mphepo ya mafani a seva. Ngati mphepo sidutsa bwino pamene mwaiika, khadiyo imatentha n'kuyamba kuchepetsa liwiro, mwinanso kuzima. Onaninso kachitsulo ka kumapeto kwa khadi, poti kalipo kakatali ndi kakafupi. Maseva oimirira nthawi zambiri amafuna kakatali.

Kuzimitsa

Sungani kaye deta yanu kwina, dziwitsani ogwiritsa ntchito, ndipo zimitsani seva mwa dongosolo lake. Mukatero zulani nthambo zamagetsi kumbuyo kwa seva penipenipo. Kuthimitsa pakhoma sikukwanira, chifukwa m'maofesi ambiri kwathu kuno seva imadyera pa UPS (chida cha batire chopereka magetsi akathima) kapena inveta, ndipo imakhalabe ndi moto. Seva ya ma power supply (zigawo zolandirira magetsi) awiri ili ndi nthambo ziwiri, zulani zonse. Kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 15 kuti magetsi otsalira athe. Dikirani pang'ono zitsulo zizizire.

Thupi lanu nalonso limasunga magetsi, aja amathetheka mukamavula juzi usiku wa mu June. Kamoto kochepa kwambiri, koti inuyo simungakamve n'komwe, kamatha kupha khadi. Valani lamba wapamkono woteteza zimenezi ndipo mum'panitse pa chitsulo cha seva chosapaka penti. Ngati mulibe, muzigwira chitsulocho pafupipafupi, ndipo musagwirire ntchito pa kapeti.

Kuika khadi

Gonekani seva cham'mbali patebulo lolimba. Ndi yolemera, itanani mnzanu. Tsegulani chivundikiro, ndipo musanasunthe kanthu, jambulani m'katimo ndi foni. Chithunzicho chidzakukumbutsani pamene nthambo iliyonse inali. Chotsani chipulasitiki chachikulu chowongolera mpweya ngati chikukutchingani. Mukapeza fumbi lambiri, lipemereni ndi chopemerera mpweya, makamaka m'kati mwa slot.

Kumbuyo kwa seva, tsegulani chopanira makhadi kapena masulani kabawuti, n'kuchotsa kachitsulo kotseka bowo loyang'anizana ndi slot yanu. Kachitsuloko musataye. Tulutsani khadi m'thumba lake loteteza magetsi moigwira m'mbali, zala zisakhudze mano agolide aja. Yang'anani kampata kamene kali pa manowo, kagwirizane ndi kachotupa ka mu slot. Ikani zala zamanthu kunsonga zonse ziwiri za khadi, n'kukanikiza mofanana, molunjika pansi. Pa slot yaitali mumva kuti "tha", ndiye kuti kachogwirira kakola. Weramani muone cham'mbali: ngati golide akuonekabe kwambiri mbali imodzi, khadi yapendekeka, itulutseni muyambirenso.

Tsekani chopanira, lumikizani nthambo yamagetsi ngati khadi ikufuna, ndipo ngati ndi GPU yaitali yolemera, ikolekeni pa chochirikiza cha kutsogolo kuti isamalendewere. Bwezerani chipulasitiki cha mpweya ndi chivundikiro musanayatse.

Poyatsa koyamba seva imachedwa kuposa masiku onse, musade nkhawa. Ikadzuka, onani mu Device Manager pa Windows, kapena lembani lspci pa Linux. iDRAC ya Dell ndi iLO ya HPE, zida zoyang'anira seva zomangidwira m'kati mwake, nazonso zimaonetsa makhadi amene zapeza. Ngati mwaika GPU koma sikirini ili bii, bwezerani nthambo ya sikirini pa VGA, polumikizira sikirini pa seva penipeni, lowani mu BIOS, mokonzera makina, podina F2 pa Dell kapena F9 pa HPE seva ikamayaka, musankhe kumene zithunzi zizitulukira. Mukatero ikani madiraiva, mapulogalamu oyendetsa khadiyo.

Kuchotsa khadi

Zimitsani ndi kudziteteza monga poyamba paja. Yambani ndi nthambo zonse zolumikizidwa ku khadi, zakunja ndi zam'kati. Tsegulani chopanira cha kumbuyo.

Apa ndiye pamene ambiri amaswera zinthu. Kumapeto kwa slot yaitali kuli kachogwirira kapulasitiki, kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo GPU yaikulu imakabisa kunsi kwake. Ine ndinakathyolapo pa ofesi ina zaka zapitazo chifukwa chofulumira: ndinakoka khadi mwamphamvu, ndinangomva "phwa", kapulasitiki n'kugwera pa motherboard. Slot inapulumuka, koma ikanatha kuzuka yonse. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndawalitsa tochi, kukapeza, n'kukadina ndi chala. Musagwiritse sikuludiraiva, ikaterereka imakanda motherboard. Kakamasuka, kokerani khadi m'mwamba molunjika, osaipotokola. Iikeni m'thumba lija loteteza magetsi, ndipo bowo lakumbuyo litsekeni ndi kachitsulo munasunga kaja, kuti mpweya uziyenda m'njira yake komanso fumbi ndi tizilombo zisalowe.

Khadi ya RAID ifunika kusamala kuposa onse, poti ndi imene imadziwa mmene deta inayalidwira pa ma disk. Musanazule nthambo zake, matani kapepala pa iliyonse mulembe pamene inali. Mukasintha khadi ya PERC, yomwe ndi khadi ya RAID ya Dell, seva ikhoza kukuuzani kuti yapeza foreign configuration. Kumeneko n'kunena kuti khadi yatsopano yaona ma disk okhala ndi dongosolo la khadi yakale. Sankhani Import kuti ilitenge dongosololo. Clear imalifufuta, ndipo seva siidzaonanso deta ya pa ma diskiwo, choncho musaidine pokhapokha ngati mwatsimikiza kuti zonse munasunga kwina.