Mwana wa ku mkombaphala aziphunzira ndi manja ake: malangizo kwa alezi, makomiti ndi makolo

Pa sukulu zambiri za mkombaphala, m'mawa mumapeza mlezi ali kutsogolo ndi kamtengo m'manja, ana ali ndandanda pamphasa, onse akukuwa pamodzi: "January, February, March!" Akatha miyezi amalowa manambala, akatha manambala amalowa ABC. Kholo lodutsa panjira likamva zimenezi limati ana akuphunzira. Koma taitanani mwana mmodzi amene amatchula manambala mpaka 20 osaphonya, mumuikire miyala isanu patsogolo, mumuuze kuti akupatseniko itatu. Ambiri amakupatsani yonse, ena amangokuyang'anani. Mwanayo waloweza mawu ngati nyimbo, koma sanadziwe kuti "zitatu" n'zingati.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya mmera mpoyamba, yokhudza chisamaliro ndi maphunziro a ana aang'ono, mu 2003, ndipo linaikonzanso mu 2017. Unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu ndiwo umayang'anira ntchitoyi kudzera m'maofesi a m'maboma. Maphunziro amene alezi amalandira amanena chimodzimodzi: mwana wosakwana zaka 6 amaphunzira posewera, pogwira zinthu, poyankhula ndi pofunsa. Ntchito ya mlezi ndi kukonza malo, kuika zipangizo, kenako kuonetsetsa zimene mwana aliyense akuchita ndi kumuthandiza kuchokera pamene wafika. Nzeru imeneyi si yatsopano. Maria Montessori, katswiri wa maphunziro a ana wa ku Italy, anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono mu 1907 m'dera la anthu osauka ku Rome, ndipo chimene anayamba nacho ndi mipando ndi zipangizo zamsinkhu wa ana, zoti azitenga okha.

Yambani ndi chipinda. Kaya mumakumana m'tchalitchi, m'chisakasa kapena pansi pa mtengo wa mango, gawani malowo kukhala ngodya zingapo. Ngodya ina ikhale yomangira: zidutswa za matabwa zochokera kwa kalipentala (muzipale kuti zisabaye), zitsononkho, makatoni, zitini zopanda m'mphepete mwakuthwa. Ina ikhale ya masanje, yokhala ndi timiphika, mithiko, zitenje zakutha, zidole zansalu ndi sikelo yongopanga yoyezera ana kapena kugulitsira tomato. Ina ya dongo, makala ndi mapepala. Panja pakhale mchenga, beseni la madzi ndi zikho zosiyana kukula, mpira wachikulunga, matayala akale ndi chingwe. Palibe chogula m'tauni pa zonsezi. Chofunika n'choti zikhale pansi pamene mwana angafike, osati zokhomeredwa m'bokosi kudikira tsiku limene kudzabwere alendo. Ndanena dala zimenezi chifukwa zidole zambiri zimene mabungwe amapereka zimakalambira m'nyumba ya wapampando.

Mukatha kulandira ana ndi kuimba nawo pang'ono, alekeni asankhe okha kopita. Ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pa ngodya imodzi akwana. Apatseni nthawi yaitali ndithu, yosachepera theka la ola, chifukwa mwana amayamba wazungulirazungulira asanakhazikike pa chimene akufuna. Kukhazika ana a zaka zitatu pamphasa kumvetsera munthu mmodzi kusapitirire mphindi khumi. Kupyola pamenepo ayamba kutsinana, ndipo cholakwa si chawo.

Apa ndi pamene alezi ambiri amavutika, chifukwa amaona ngati akasiya kuyankhula kutsogolo ndiye kuti sakugwira ntchito. Ntchito ndiye yachuluka. Yendani, gwadani kuti maso anu afanane ndi a mwana, onani. Mwana akuthira madzi kuchoka m'chikho chachikulu kupita m'chaching'ono, madzi n'kutayika. Musamulande chikho. Mufunseni: "Madzi atayikiranji? Nanga tikatenga ichi, adzadza kangati?" Wina waumba ng'ombe ya miyendo itatu. Musamuumbire wachinayi. Nenani kuti, "Tandiuza za ng'ombe yakoyi. Taiimika tione." Ikagwa adzapeza yekha chimene chasowa, ndipo nambala 4 yalowa m'mutu mwake kudzera m'zala. Wina wasanja zitsekerero za mabotolo, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Amenewo ndi masamu. Muonjezereni: "Zambiri ndi ziti? Wadziwa bwanji?"

Funso labwino ndi limene mwana sangayankhe ndi "eya" kapena "ayi" basi. Mukafunsa, dikirani. Mwana wamng'ono amachedwa kusonkhanitsa mawu, ndipo akuluakulu timathamangira kumuyankhira.

Za chiyankhulo ndinene mosabisa. Makolo ambiri amayesa ubwino wa sukulu ndi Chingerezi chimene mwana akubwera nacho kunyumba. Nyimbo ndi moni wa Chingerezi sizoipa, koma mwana amaganiza ndi chiyankhulo chimene anayamwira, kaya Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe. Amene amatha kufotokoza bwino nkhani m'chiyankhulo chake, kunena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, sadzavutika kuwerenga akadzalowa Sitandade 1 pa zaka 6. Choncho nthano zisasowe tsiku lililonse. Mukati "Padangokhala" iwo n'kuti "Tili tonse", imani pakati n'kufunsa kuti Kalulu achita chiyani tsopano. Mawa lake mwana mmodzi ainene yekha nthanoyo, anzake aisewere. Itanani agogo a m'mudzimo adzaponye ndagi ndi kuphunzitsa magule. Phada amalimbitsa maso ndi zala, ndipo muli kuwerenga momwemo.

Musakakamize mwana wa zaka zitatu kugwira pensulo n'kulemba m'mizere ya kope. Minofu ya zala zake sinakhwime. Ayambe wakanya dongo, kung'amba mapepala, kutunga mikanda ya mapesi pa ulusi, kujambula pamchenga ndi chala kapena pakhoma ndi khala. Zolembalemba zimene ife timati zopanda tanthauzo ndiye chiyambi cha kulemba. Wamanzere musiyeni ndi dzanja lake. Kumumenya kapena kumumanga dzanja kumangomuchititsa mantha ndi sukulu. Ndipo kamtengo kaja kachoke. Mwana amene wamenya mnzake mumupatule, mukhale naye pansi, mumuuze chimene walakwa ndi chimene achite. Amene wadzikodzera mumusinthe mwakachetechete, anzake asamuimbire nyimbo.

Ana osakwana zaka zitatu musawapatse nyemba, mikanda kapena timiyala, chifukwa amaika m'kamwa, m'mphuno ndi m'makutu. Beseni la madzi lisakhale lopanda wamkulu pafupi ngakhale kwa kanthawi.

Zonsezi sizitheka ndi mwana wanjala. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha, kumakhudzanso ubongo. Sukulu zambiri zimatseka kapena ana amachepa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chifukwa ufa watha. A komiti, nthawi yokonzekera ndi yokolola, pamene chimanga chili chambiri: banja lililonse lisonkhe, ndipo mupemphe kwa amfumu munda wa sukulu woti mudzalemo chimanga, soya, mtedza ndi mbatata yofiira m'kati. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya liposa kutali phala la ufa woyera lothira mchere wokha. Muli ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya oti muziwakumbukira, ndiye papaya, nthochi kapena masamba osinja zikapezeka musazisiye. Nthawi ya phala ndi phunziro palokha: ana asambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya, agawe okha makapu, awerenge ngati akwanira.

Mlezi amene amayang'ana ana mmodzimmodzi amaona msanga zimene kukuwa kwa gulu kumabisa. Mwana amene satembenuka mukamuitana kumbuyo kapena akutuluka mafinya m'khutu, amene wafika zaka zitatu osalumikiza mawu awiri kapena atatu, amene amayandikitsa zinthu kumaso, amene watupa mapazi kapena tsitsi lafiira, uzani makolo ndipo muwatumize kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala, atatenga buku la kusikelo. Mwana wolumala asatsale kunyumba. Asewere ndi anzake, inu musinthe masewerawo kuti nayenso akwanitse. Sungani kope limodzi, tsamba limodzi mwana mmodzi, muzilembamo zatsopano zimene wayamba kuchita.

Kope limeneli lidzakuthandizani makolo akabwera ndi dandaulo loti ana akungosewera. Aitaneni pa msonkhano, muwakhazike pansi, ana awo awaonetse: uyu agawe miyala khumi kwa anzake awiri mofanana, uyo anene nthano, wina afotokoze nyumba imene wamanga. Auzeninso kuti kunyumba aziyankhula ndi ana pophika, posenda nyemba, popita kumunda, ndipo abambo nawonso azipanga nawo galimoto yawaya. Alezi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, choncho pa msonkhano womwewo komiti igwirizane ndi makolo za tsiku lokawalimirako m'minda yawo, ndi kulembera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu kuti amene sanapite ku maphunziro a ulezi aikidwe pa mndandanda.