Kuchokera ku Dedza mpaka pansi pa nyanja ku Thumbi: mmene mungaphunzirire daivi

Abale anga a ku Dedza ndi ku Ntcheu, nyanja ili pakhomo pathu penipeni. Tsiku loti kunja kwayera mukaima pamwamba pa Khwekhwelere mumaiona ili mbuu kumusi uko, koma ambiri a ife nsomba timazidziwa zouma za pamsika basi, usipa ndi utaka wa pamulu. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Germany ndi ku Japan kudzaona zomwe zili pansi pa madzi amenewa pomwe ife eni ake timangoti zimenezo ndi za azungu. Ine ndinapita, ndinapanga kosi yobira ndi thanki kumsana ija amati daivi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene zimakhalira kuyambira pa depoti mpaka pobwerera, makamaka pobwererapo chifukwa pali chinthu china chomwe chimatikhudza ife a kumapiri kuposa wina aliyense.

Ulendo wake siwovuta. Kuchokera pa boma mumatsata M1 ngati mukupita ku Ntcheu, mukafika pa Masasa mukhotere kumanzere nkutsika Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, kuwoloka msewu wa ku Salima uja nkupitirira kulowera ku Monkey Bay. Musanalowe mu Monkey Bay pali mphambano yopita ku Cape Maclear, kwa Chembe, makilomita ngati 18, pamenepo ma kabaza a njinga yamoto sasowa. A ku Lizulu ndi ku Ntcheu boma njira ndi yomweyo, kungoti inu pa Masasa mumafika kuchokera kummwera. Nyamukani mmawa, ma minibasi a kumeneko sachoka asanadzaze. Musaiwale chiphaso cha unzika, malo amenewa ali mu Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, ndiye pali ndalama yolowera koma Mmalawi amalipira yochepa kusiyana ndi mlendo wakunja.

Mukafika musathamangire kulipira kosi yonse. Yambani ndi ija ya tsiku limodzi yongolawa, dzina lake Discover Scuba Diving. Amakufotokozerani pang'ono, kukuvekani zida, kuyeserera pa madzi ofika mchiuno, kenako instrakita, mphunzitsi wa daivi, amatsika nanu ali pambali panu ndipo simupyola mamita 12. Apa mpamene mumadziwira ngati mtima wanu ukugwirizana nazo. Mitengo ya zonsezi amaiwerengera mu madola ndiye imasintha ndi kwacha, imbani kaye foni mufunse, ndipo funsaninso mosachita manyazi ngati ali ndi mtengo wa Amalawi. Mukakhala gulu la anthu atatu kapena anayi kukambirana kumaphweka.

Kosi yeniyeni yoyamba ndi Open Water, ambiri kuno amaphunzitsa ya bungwe la PADI, imatenga masiku atatu kapena anayi. Muli zowerenga ndi mayeso, magawo asanu oyeserera pa madzi osaya, kenako ma daivi anayi a panyanja. Mukakhoza mumalandira satifiketi yokulolani kutsika mpaka mamita 18 kulikonse pa dziko lapansi ndipo siitha ntchito. Mwana akhoza kuyamba ali ndi zaka 10. Koma chomwe chimagwetsa ife ambiri a kumtunda ndi ichi, muyenera kusambira mamita 200 osaima, kalembedwe kalikonse ndipo palibe wokuwerengerani nthawi, komanso kuyandama mphindi 10 pa madzi oti simukuponda pansi. Ngati kusambira simudziwa musabise, pitani kaye maulendo awiri atatu mukaphunzire pa gombe ndi munthu wodziwa, ndalama ya kosi isungeni. Palinso fomu ya zaumoyo, iyankheni moona. Mphumu, khunyu, vuto la mtima, BP yokwera, shuga, zonsezi zimafuna kalata ya dokotala kaye, ndipo mayi woyembekezera sapanga daivi ayi.

Chenjerani ndi anthu ongokupezani pa mchenga. Ine tsiku loyamba mnyamata wina anandilonjeza kuti andipezera thanki ndi boti pa mtengo wotsika kwambiri, nditamufunsa khadi lake la uinstrakita anayamba nkhani zina. Ndinamusiya. Pitani pa sukulu ya daivi yokhala ndi malo ake, muone makina opopera mpweya, mufunse khadi la amene akuphunzitseniyo, munthu woona sakwiya nalo funso limenelo.

Zida zake poyamba zimaoneka zambiri koma tsiku lachiwiri mumakhala mwazizolowera. Masiki ya kumaso, zipsepse za kumapazi, suti yothina yoteteza kuzizira, jekete lomwe mumalipopa kapena kuliphwetsa kuti muyandame kapena mutsike, lamba wa zitsulo zolemera, thanki, ndi reguleta yomwe mumaluma pakamwa nkumapumira. Anthu kumudzi amati muthankimo muli oxygen ngati wa kuchipatala, ayi, ndi mpweya wamba womwewu tikupumawu koma wopanikizidwa mpaka 200 bar, bar ndiye muyezo wa kupanikizika kwa mpweya. Pali geji yoonetsa wotsala, muziiyang'ana pafupipafupi ndipo muzikhala mwatuluka isanatsike pansi pa 50. Masiki ikamachita nthunzi mankhwala ake ndi malovu, kulavulira mkati, kupaka ndi chala, kutsukuluza pang'ono, basi.

Malamulo akuluakulu ndi awiri ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake osangoloweza. Madzi ndi olemera, pa mamita 10 mphamvu yokupanikizani imakhala kawiri ya yomwe ili pamtunda. Ndiye loyamba ndi la makutu, amayamba kuwawa mukangotsika pang'ono, mumatsina mphuno nkupemerera mofatsa ngati mukumina mpaka mumve kuti phu mkhutu, ndipo muzichita zimenezi msanga ululu usanayambe, mita iliyonse. Zikakana kwerani pang'ono muyesenso, osakakamiza, mutha kuboola khutu. Nchifukwa chake munthu wa chimfine salowa, ndipo ife ndi chisanu chathu cha June ndi July chija chimfine sichitichoka, dikirani muchire. Lachiwiri, osagwira mpweya ngakhale pang'ono. Mpweya womwe mwakoka pa mamita 10 mukakwera nawo mpaka pamwamba osautulutsa umafufuma kawiri, mapapo sangapirire. Muzingopuma pang'onopang'ono osalekeza, pokwera muzikwera modekha, ndipo pa mamita 5 muziima mphindi 3 musanatulukire.

Pansipo palibe kuyankhula, ndi manja okhaokha. Apa samalani chifukwa chala chachikulu chija timaimika tikamati zili bho, pansi pa madzi chimatanthauza kuti tiyeni tikwere. Kuti zili bwino mumapanga kabwalo ndi chala chachikulu ndi cholozera. Ndipo simulowa nokha, nthawi zonse mumakhala ndi mnzanu woyang'anirana naye, musanalowe mumayenderana zida wina ndi mnzake.

Tsopano zomwe mukapeze. Chilumba cha Thumbi chili moyang'anizana ndi mudzi wa Chembe, pa boti ndi mphindi zochepa chabe, ndipo pali malo amati Aquarium pomwe ophunzira ambiri amayambira. Ine nditagwada pa mchenga pamenepo koyamba mtima unkagunda kwambiri, ndimangomva phokoso la kupuma kwanga ndi thovu likukwera, kenako nditakhazikika ndinaona kuti miyala yonse yadzaza mbuna, nsomba zing'onozing'ono za mmiyala, zabuluu zowala, zachikasu, zamizeremizere, zina zikudya ndere pamwala mutu uli pansi mchira mmwamba. Instrakita anandikodola kuti ndiyang'ane nsomba ina yomwe inali payokha pafupi ndi mwala, itazunguliridwa ndi tiana tambirimbiri tating'ono ngati mpunga. Nditasendera, tiana tonse tija tinathamangira kukamwa kwa mayi wawo, iye nkutiwola tonse nkutseka pakamwa masaya ali tutumu. Tinadikira osagwedezeka, patapita kanthawi anatilavulanso timodzitimodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, pamenepo ndinazionadi. Nsomba zambiri za mtundu umenewu zimasunga mazira ndi ana mkamwa, ndipo nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, yambiri simungaipeze kwina kulikonse. Pa mchenga mudzaonanso timaenje tozungulira bwinobwino ngati mbale, amakumba ndi amuna a nsomba kuti akope akazi. Mmapanga a miyala mumabisala kampango.

Ku Otter Point nkosaya ndipo nkwabwino ngakhale kwa ongoyandama pamwamba ndi masiki, ndiye amene mwapita nawo koma sakufuna thanki asakhale pa gombe. Domwe ndi chilumba chachikulu, Mumbo chili patali pang'ono koma madzi ake ndi oyera kwambiri. Kufupi ndi Thumbi komweko kuli boti lachitsulo lomwe analimiza dala, lili pa mamita ngati 30, kumeneko ndi Open Water yokha simufikako, mpaka mupange kosi yachiwiri ya Advanced yomwe ili ndi ma daivi asanu. Mu paki musagwire nsomba, musatole kanthu, ndipo zipsepse zanu zisamavundule mchenga chifukwa mumawonongera anzanu akumbuyo.

Ubwino wophunzirira kuno ndi woti madzi alibe mchere, sawawa mmaso kapena kukhosi, kulibe shaki, ndipo ndi ofunda chaka chonse, amasewera pakati pa madigiri 23 ndi 29. Nthawi yabwino ndi kuyambira September mpaka November, nyanja imakhala bata ndipo mumaona patali. June, July ndi August kumaomba mwera, mafunde amakula ndipo boti limatha kulephera kunyamuka, pomwe nthawi ya dzinja mitsinje imabweretsa matope. Za likodzo musazinyoze, kwa Chembe liliko makamaka mmbali mwa mudzi momwe muli bango ndi nkhono. Mukabwerera dikirani masabata angapo kenako pitani kuchipatala mukayezetse kapena mukafunse za mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel, musadikire kuona magazi mumkodzo.

Tsopano nkhani ija ndinati ndi yathu ife a kumapiri. Mukakhala pansi pa madzi thupi limamwa nitrogen, gasi wina wopezeka mumpweya uja, kuposa nthawi zonse, ndipo mukatuluka amatenga maola ambiri kuti achoke. Mukapita msanga pamalo okwera pomwe mpweya ndi wopepuka, nitrogen uja amatha kuchita thovu mmagazi ndi mmalo olumikizana mafupa, ngati mmene imachitira Fanta mukaitsegula mwadzidzidzi. Nchifukwa chake mabuku a daivi amati musakwere ndege pasanathe maola 12 mutapanga daivi imodzi, ndipo maola 18 ngati munapanga angapo kapena masiku otsatizana. Ambiri akawerenga pamenepa amati ine sindikwera ndege, ndikwera minibasi. Koma taganizani, nyanja ili pa mamita ngati 475 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, Dedza boma ili pafupifupi pa mamita 1,600. Kukwera Khwekhwelere ndi kukwera mamita oposa 1,000 mu nthawi yochepa kwambiri, thupi silidziwa kuti iyi ndi ndege kapena ndi minibasi. Mlendo wochokera ku Mangochi kapena ku Salima nkhaniyi siimukhudza kwenikweni, koma inu wa pa Bembeke, wa ku Lizulu, wa ku Tsangano, ikukhudzani. Muuzeni instrakita tsiku loyamba lomwe kuti kwathu ndi ku Dedza ndipo nkokwera chonchi, akonze kuti daivi yomaliza ikhale ya mmawa komanso yosazama, kenako gonani konko usiku umodzi mudzanyamuke mawa lake. Ine ndimadikira maola 24 athunthu. Ndikudziwa kuti ndi ndalama ina ya malo ogona komanso mwina Lolemba kuli ntchito, koma iwerengereni mu bajeti kuyambira pachiyambi. Mowanso usiku womaliza uja pepukani nawo, imwani madzi ambiri. Ngati mwafika kunyumba nkuyamba kumva kuphwanya mmapewa kapena mmaondo, dzanzi, chizungulire, kutopa kosadziwika bwino, musangoti ndi malungo nkumwa panado, thamangirani kuchipatala mukanene momveka kuti munali pansi pa madzi ndi thanki, muwapatse nambala ya sukulu ya daivi ija ayankhulane.

Tsiku lodikiralo silitayika. Kuli manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika pa Cape Maclear mu 1875 asanasamukire kumpoto, mutha kukwera boti kukaona nkhwazi zikutola nsomba pamadzi, kapena kungokhala pa gombe kuona asodzi akukonza nyali za usipa madzulo.

Satifiketi ikakhala mmanja, kabuku kolembamo ma daivi anu kazisungani bwino chifukwa kulikonse amakafunsa, ndipo ngati papita nthawi yaitali osalowa mmadzi pemphani kaye daivi yokumbutsira. Ku Nkhata Bay kuli sukulu yakale ya Aqua Africa, amadziwika ndi daivi ya usiku ya matochi. Ine komwe mtima wanga uli pano ndi ku Likoma, chilumba cha Malawi chomwe chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903 ndipo miyala ya pansi pa madzi kumeneko ndi ikuluikulu. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imanyamukira pa Monkey Bay pomwepo, koma ndondomeko yake imasinthasintha ndiye imbani ku ofesi yawo sabata yomweyo musanatsike Khwekhwelere.