Zoyenera kuchita musanayambe atachimenti kapena ntchito ya patchuthi

Sukulu zikatsekera, achinyamata ambiri amathamangira kokasaka pogwira: ena ku okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe, ena kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena m'maofesi pa atachimenti, kutanthauza kukaphunzira ntchito pamalo a ntchito motumizidwa ndi koleji. Bwana akangoti "bwerani Lolemba", mtima umakhala m'malo ndipo mafunso onse amathawa. Komatu tsiku limenelo ndi lofunika kufunsa, chifukwa mukayamba kale pakamwa pamalemera.

Choyamba, dziwani kuti akukutengani ngati ndani. Wophunzira amene watumizidwa ndi koleji kuti akaone mmene ntchito imayendera ndi wosiyana ndi volontiya amene amathandiza mwa kufuna kwake n'kumangolandira ya thiransipoti. Onse awiriwa ndi osiyananso ndi munthu wolembedwa ntchito ya nyengo. Ngati akuikirani nthawi yolowera ndi yowerukira, akukulamulani zochita tsiku ndi tsiku, ndipo malowo sangayende inu mutajomba, muli pantchito ndithu, ngakhale azikutchulani kuti volontiya. Zimandiwawa kuona mwana womaliza digiri akusunga kaundula wa sitolo chaka chathunthu, dzina lake likadali la "wophunzira".

Chachiwiri, pemphani kalata. Lamulo la za ntchito la Employment Act la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito akupatseni mfundo za mgwirizano wanu polemba. M'kalatamo muoneke tsiku loyamba, tsiku lomaliza, malipiro, maola ndi ntchito yeniyeni imene muzigwira. Ngati ndi atachimenti, tengani kalata ya kukoleji ndi yankho la kampani, zonse muzijambule pafoni. Pepala limanyowa, limasowa.

Chachitatu, gulani kope la masamba ochepa, muzilembamo nthawi yofika ndi yoweruka tsiku lililonse. Lamulo limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu yoyenera kulipidwa moonjezera. Nyengo ya fodya ikafika pachimake, mabelo ali mbwee, anthu amaweruka kutada, koma pa mapeto a mwezi palibe amene amakumbukira. Kope lija ndi limene lidzakuyankhulireni. Sunganinso mapepala onse a malipiro ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ngati amakulipirani pafoni.

Pa za penshoni pamafunika kufatsa. Kwa ogwira ntchito amene lamulo la penshoni limawakhudza, olemba ntchito amaponya 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Mukaona pa pepala la malipiro kuti akudulani ya penshoni, funsani dzina la kampani yosunga ndalamazo ndi nambala yanu ya umembala, kenako mukatsimikize nokha kuti ndalamazo zikufikadi. Kudula ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri. Ngati sakukudulani chifukwa ndinu wa nyengo chabe, funsani tsiku loyamba lomwelo ngati padzakhale gratuity, ndalama yapadera imene wantchito amalandira pomaliza ntchito, ndipo yankho lake lilembedwe m'kalata ija. Amene mumabwerera kwa bwana yemweyo chaka ndi chaka, dziwani kuti lamulo limaphatikiza nyengo zotsatizanazo powerengera nthawi imene mwagwira ntchito, choncho makalata a zaka zam'mbuyo musawayatsire moto.

Mukavulala muli pantchito, uzani kapitawo nthawi yomweyo, pitani kuchipatala, dokotala alembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo nkhaniyo ikafike ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Chipukuta misozi chimayendera lamulo la Workers' Compensation Act la 2000. Volontiya ndi wa atachimenti afunsiretu kuti akavulala adzamusamala ndani, koleji kapena kampani, popeza apa m'pamene amakonda kukankhirana.

Makolo, mwana wosakwana zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito, ndipo wosakwana 18 asapatsidwe ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu.

Pochoka, pemphani kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo kuyambira liti mpaka liti. Akakuchotsani mopanda chilungamo, kadandauleni kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lanu isanathe miyezi itatu. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loona milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, ndipo popita munyamule kalata, kope ndi mapepala a malipiro aja.