Kapakidwe ka ma AHA osapsa nkhope

Amwali, tiyambe ndi ichi, glycolic acid ndi lactic acid zomwe mukuona pa mabotolo zija si zoyeretsa khungu ayi. Glycolic imapezeka mu nzimbe, lactic ndi ija imawawasitsa chambiko, mandelic ndi ya ma almond owawa. Zonsezi ndi ma asidi otchedwa AHA (alpha hydroxy acids), ntchito yake ndi kumasula khungu lakufa la pamwamba kuti lichoke msanga, nchifukwa chake nkhope imayamba kusalala pakangopita masabata ochepa.

Za collagen ndiye zimafuna mtima wautali. Collagen amakhala mkati mwa khungu, ndi amene amaligwira kuti lisakhwefuke, tikamakula amachepa ndipo dzuwa nalo limamuphwanya, makwinya nkuyamba. Pa kafukufuku wa mu 1996, dokotala wa khungu Ditre ndi anzake adapakitsa anthu AHA wa 25% pa mkono kwa miyezi 6, khungu lidakhuthala ndi pafupifupi 25% ndipo collagen adachuluka. Koma taonani, 25% ndi miyezi 6. Ka toner ka 7% sikangakuchotsereni makwinya pofika Lachisanu, wokuuzani zimenezo akungofuna ndalama yanu basi.

Poyamba tengani lactic wa 5% kapena mandelic. Glycolic tinthu take ndi tating'ono kwambiri, imalowa mwachangu ndipo ndi imene imapsetsa anthu ambiri. Pakani kaye pang'ono kuseri kwa khutu, dikirani masiku awiri muone. Zikakhala bwino pakani usiku wokha, kawiri pa sabata, mutasamba nkhope yauma bwinobwino, osafika mmaso ndi mmbali mwa mphuno, kenako moisturizer pamwamba. Kunyerenyesa pang'ono nkosadabwitsa, koma ikatentha ngati mwadzikanda ndi kambuzi thamangani mukasambe, musalimbe mtima. Khungu lathu lakudali likapsa silimangochira, limasiya mabanga akuda omwe amatenga miyezi kuti azilale, ndiye mwafuna kuchotsa timakwinya tiwiri mwapeza zipsera tsaya lonse.

Retinol (mankhwala ena a makwinya, ochokera ku vitamini A) pakani usiku womwe simukupaka AHA, scrub muisiye kaye. Ka peel (mankhwala osupula khungu) kofiira ka kampani ya The Ordinary ka AHA 30% kaja si koyambira, ndipo sikayenera kudutsa mphindi 10 pankhope. Zogwiritsa ntchito pakhomo ku America amalangiza 10% kutsika, pH 3.5 kukwera (pH ndi muyezo wa ukali wa asidi, nambala ikatsika ukali umakwera). Mandimu nawo ayi chonde, asidi wake simungamuyeze.

Mmawa sunscreen ya SPF 30 kapena kuposa, tsiku lililonse, kaya kuli mitambo. AHA imapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo FDA, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, imati zimenezi zitha kupitirira mpaka sabata imodzi mutasiya kupaka. Mukapaka usiku nkukayenda pa dzuwa la Okutobala opanda sunscreen, collagen yemwe mukumufuna uja mukumuwononga nokha.

Ngati mwakhala mukudzola mafuta oyeretsa, makamaka okhala ndi steroid, khungu lanu lidapyapyala kale, kaonaneni ndi dokotala wa khungu musanapake asidi aliyense.