Kulumikiza foni ya m'nyumba yopanda waya kuti izionetsa nambala ya woimba

Funso: Ndagula foni ya m'nyumba yopanda waya, ndingatani kuti ndiziona amene akuimba?

Yambani ndi chokhazikapo foni, chimene amati base. Chingwe chimodzi chipite ku magetsi, china chichoke polembedwa LINE kupita pa soketi ya telefoni, kapena pa router (kabokosi ka intaneti) ngati foni yanu imadzera pa intaneti. Ikani mabatire ochajitsa a NiMH okha, chifukwa mabatire wamba amachucha akachajidwa. Foniyo igone pa base usiku wonse, kenako tsegulani MENU mukonze tsiku ndi nthawi.

Apa mpamene ambiri amasokonezeka: foni payokha singaonetse nambala. Kampani ya telefoni ndiyo imatsegula Caller ID, ntchito yoonetsa nambala ya woimba, pa laini yanu, ndipo makampani ena amalipiritsa, choncho afunseni kaye. Akatsegula, dziimbireni ndi foni ya m'manja, mulole ilire kawiri, nambala ioneka. Kuti pazituluka dzina, sungani nambalayo mu PHONEBOOK yonse, pamodzi ndi manambala ake oyambirira osonyeza dera. Pakalembedwa Private kapena Withheld, woimbayo wabisa nambala yake.

Chonde musaiwale kuti magetsi akazima base imazimanso. Ngati pakhomo pali agogo kapena wodwala, foni ya m'manja izikhala yochaja.