Usipa wa ku Joni: kukaona Sardine Run ndi anzanu ku South Coast

Ngati mukukhala ku Durban kapena madera oyandikira, ndipo chisanu cha Juni chakukumbutsani mwera wa ku Nkhotakota, pali ulendo umodzi wosaboola m'thumba umene mungaukonze ndi anzanu. Chaka ndi chaka, pakati pa Meyi ndi Julayi, tinsomba totchedwa sardine timachoka kummwera, m'madzi ozizira a ku Agulhas Bank, n'kutsata gombe la Eastern Cape mpaka kufika ku KwaZulu-Natal. Eni dziko amati Sardine Run. Matauni a m'mbali mwa nyanja kummwera kwa Durban (South Coast) monga Port Edward, Ramsgate, Margate, Scottburgh ndi Amanzimtoti amadzaza anthu, ndipo nyengo imeneyi kumakhalanso zisangalalo za chikondwerero cha sardine: oimba, misika ya zakudya, mipikisano ya asodzi.

Choyamba, musapangane tsiku mwezi wathunthu usanakwane ngati mukukonza chinkhoswe. Nsombazi sizidziwa kalendala. Zimayenda ndi madzi ozizira, ndipo nyanja ikatentha kupitirira madigiri 21 zimabisala pansi kapena kutali ndi gombe. Mu 2003 sizinaoneke n'komwe. Ife chaka china tinasonkherana ndalama, tinapempha tchuthi kwa mabwana, tinafika ku Margate ndi ndowa zitatu, koma tinabwerako ndi mchenga m'nsapato basi. Nsomba zinatuluka Lachiwiri, tonse tili pantchito. Chimene chimathandiza n'chakuti mmodzi pagulu lanu la WhatsApp azitsata nkhani za KwaZulu-Natal Sharks Board, bungwe loteteza osambira ku shaki, ndi masamba a asodzi pa Facebook, amene amanena gombe limene makoka aponyedwa m'mawa umenewo. Ndalama zamayendedwe zikhale zosonkhedwa kale, kuti uthenga ukangobwera n'kunyamuka. Tchuthi cha pa 16 Juni ndi Loweruka loyandikira 6 Julayi ndi masiku abwino kuyesa mwayi. Loweruka limeneli mukhoza kuphera mbalame ziwiri, kukumbukiranso ufulu wakwathu.

Kuchokera ku Durban mumatsata msewu wa N2 kulowera kummwera. Amanzimtoti ndi pafupi, Port Shepstone ndi makilomita pafupifupi 120. Amene muli ndi galimoto, msewu wakale wa R102 ndiwo wabwino posaka nsomba chifukwa umadutsa m'matauni momwemo. Apa galimoto ikuposa taxi, poti nsomba zikhoza kusuntha inu mutatsika kale. Nyamukani kusanache.

Mukafika, yang'anani kumwamba musanayang'ane m'madzi. Mbalame zoyera zotchedwa gannet zimazungulira pamwamba pa nsomba, kenako zimapinda mapiko n'kudzigwetsa m'madzi ngati mikondo, zambirimbiri nthawi imodzi. Pansi pake madzi amada bii ngati wina wathiramo oyilo, ndipo ma dolphin amakhala akuzikusa nsombazo. Mukachita mwayi muonanso namgumi akupemerera madzi chapatali. Munthu wa ku Msaka kapena ku Senga Bay akaona kaboti kakuzungulitsa ukonde, amuna n'kuyamba kukoka zingwe pamchenga, amangoti, "Iiih, koma ili ndi khoka lakwathu lomwe lija!" N'zoonadi. Kusiyana kwake n'kwakuti usipa amaupha usiku ndi chilimira ndi nyali, pamene izi zimachitika dzuwa likuswa mtengo, khamu la anthu likuonerera.

Khoka likafika kumtunda, mitu ya anthu imasokonekera. Agogo, mabwana a masuti, ana asukulu, onse amathamangira nsomba zotayikira, ena m'zipewa, ena m'masiketi. Tolani nawo, palibe amene angakudabweni. Koma dzanja lisalowe mu ukonde. Eni khoka ali ndi chilolezo cha boma, ndipo chaka chonse amadikira masabata ochepa amenewa. Mlendo woyankhula Chizulu chothyokathyoka akakangana nawo, nkhani siichedwa kusanduka ya "anthu obwera". Wofuna kuponya mbedza kapena kaukonde kake agule kaye chilolezo cha usodzi wongosangalala, ndipo adziwe kuti nsomba zogwira ndi chilolezo chimenecho sagulitsa. Pasipoti ndi pepala lanu lokhalira m'dzikomo zikhale nanu, zokulungidwa m'pulasitiki.

Tsono nkhani ya madzi, abale, ndiyo ndikufuna tiimvetsetsane. Ambirife timadzitama kuti tinakulira kunyanja, tinkasambira pa Nkhata Bay tisanayambe sukulu. Nyanja iyi ndi ina. Madzi ake amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, moti pamene mwayala chitenje m'mawa pakhoza kumira masana. Mafunde ake akamabwerera amakukumba mchenga kuphazi, ndipo pali mikuku ina imene imakokera munthu kukati ngakhale akhale katswiri. Ikakutengani musalimbane nayo; yandamani, kwezani dzanja, kapena sambirani chopingasa motsata gombe. Kuwonjezera apo, nyengo ya sardine a Sharks Board amazula maukonde otchinga shaki kuti nyama zotsata nsombazi zisakodwe, ndipo magombe ambiri amaletsa kusambira. Shaki zimafika pamadzi a m'mawondo, zikuthamangitsa nsomba zomwezo mukutolazo. Pamene alola, sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pamene pali opulumutsa anthu. Pakagwa ngozi imbani 112 pafoni yam'manja. Mowa usiyeni kunyumba: pagombe la boma saloleza, ndipo apolisi amalanda.

Pogula, nsomba amagulitsa pa kreti kapena pa dazeni. Makoka oyamba a chaka amadula zedi, chifukwa asodzi a mbedza amalimbirana nyambo. Nsomba zikachuluka mtengo umagwa, nthawi zina tsiku lomwelo. Funsani kuti "Malini?", mumve, muyende pang'ono, mufunsenso kwina. Kreti imodzi imakwana mabanja angapo, choncho gulani pamodzi n'kugawana. Tengani ndalama zapamanja, zosinthasintha.

Koma musaiwale bokosi la ayezi. Sardine si usipa. Ndi yaikulu, kutalika kuposa chikhatho, ndipo ndi yonona kwambiri, moti imayamba kufewa pamimba pakangopita maola ochepa. Mlamu wanga anayesa kuziyanika padenga la kachipinda kake kalendi monga amachitira pathandala kwawo. Zinatuluka mafuta, ntchentche zinasonkhana, mwini nyumba anabwera atagwira mphuno. Zitumbuleni tsiku lomwelo, muzitsuke, muziike mufiriji m'timapaketi tokwana ndiwo za tsiku limodzi.

Zodya lero, ziwazeni mchere ndi kuziwotcha pamakala, m'malo ololedwa braai kapena mukafika kunyumba. Amwenye a ku Durban amazipaka masala n'kuzikazinga mpaka minga iphwanyike pakamwa, ndipo njira yawoyo ndi yofunika kuibera. Ine ndimakondabe yakwathu: tomato, anyezi, kambuzi ngati wina wabwera naye pabasi, moto wapang'onopang'ono, mafuta osathira poti nsombayo ili nawo kale. Ufa wa kuno ndi woyera mokwanira, ngakhale nsima yake siinunkhira ngati ya ufa wonyika. Uzani mlongo kapena achimwene amene atsale kunyumba atereke madzi mukangodutsa Umkomaas.